Ma cockatiel anga aswa: tiana ndisiyire makolo kapena ndizitidyetsa pamanja?

MayiWaMbalame:

Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi funso limene landikhala pamtima, ndipo ndikufuna maganizo a inu amene mwaweta mbalamezi kwa nthawi yaitali.

Ndili ndi ma cockatiel awiri, tizinkhwe tating'ono tija, yaimuna yotuwa ya nkhope yachikasu ndi yaikazi yoyererako. Yaikazi inaikira mazira asanu ndipo anayi aswa. Tiana tatsegula maso, ndipo timinga ta nthenga tayamba kutuluka m'mapiko ndi pamutu. Makolo akulera bwino kwambiri. Yaimuna ikangodya imalowa m'bokosi kukadyetsa, ndipo ndikasuzumira madzulo ndimapeza zithokomiro za tiana tonse zili zodzaza, ngakhale kotsiriza kuswa kaja.

Vuto layamba ndi bambo amene anandigulitsa makolowa. Akuti ndichotse tiana m'bokosi sabata yomwe ino ndiyambe kutidyetsa ndekha ndi sirinji, chifukwa ndikachedwa tidzakula tamantha ndipo sitidzakhala pachala cha munthu mpaka kalekale. Sindingawatsutse kwenikweni, pakuti makolowa amabwera kudzatola mbewu padzanja langa koma ndikangosuntha chala amathawa. Ine ndikufuna tianati tidzakhale tozolowera, chifukwa tiwiri ndidzasunga ndipo tiwiri tidzapita kwa mlongo wanga amene ali ndi ana aang'ono.

Chimene chikundiopsa ndi chinkhwe cha mchemwali wanga, chija chotuwa cha mchira wofiira chimene amati African grey. Anachigula chili chaching'ono, choleredwa pamanja chichokereni m'dzira. Zaka zoyambirira chinali cha aliyense, mlendo akabwera chinkakwera paphewa pake. Lero sichifuna munthu wina koma mchemwali wangayo. Alamu anga akangomuyandikira chimawathamangira kukawaluma, ndipo chimaluma mpaka magazi. Iye akatuluka m'nyumba chimakuwa osalekeza, ndipo pachifuwa chadzizula nthenga mpaka khungu kuonekera. Mchemwali wanga amachikonda kwambiri, ndipo zimamuliritsa.

Kodi zimenezi zimachokera ku kaleredwe ka pamanja, kapena zangochitika? Ndipo ndikatisiyira makolo, n'zoona kuti tianati sitidzandizolowera?

GogoWazinkhwe:

Mayi, zikomo chifukwa chofunsa musanachotse tiana. Ambiri amabwera kuno atachotsa kale, kamodzi kakupuma movutika.

Ndaweta ma cockatiel, ma lovebird ndi zinkhwe zazikulu, ndipo njira zonse ziwiri ndazigwira ndi manja angawa. Ndikuuzani mosapita m'mbali: makolo akamadyetsa bwino, tiana musachotse. Bambo ajawo sakunama kuti kamwana kodyetsedwa pamanja kamazolowera munthu msanga. Kamazolowera ndithu, chifukwa kakamva njala kamaona inu, kakamva kuzizira kamaona inu, palibenso wina amene kakumudziwa. Pa msinkhu wogulitsira, kamwana kotere kamathamangira dzanja la aliyense, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa amaikonda njirayi. Palinso chifukwa china chimene sanena kawirikawiri: tiana tikachotsedwa, yaikazi imabwerera msanga kukaikira mazira ena. Woweta amapindula, koma thupi la yaikazi limatha.

Chimene wogula saona tsiku logulalo ndi mbalame imeneyi ikadzakula. Cockatiel imakhwima isanathe chaka kapena chitangotha, pamene African grey imatenga zaka zitatu mpaka zisanu. Nthawi imeneyo ikafika, mbalame imayamba kufuna mnzake wokwatirana naye, ndipo imamufuna pakati pa amene inakula ikuwaona ngati a mtundu wake. Ngati inakula ikuona anthu okhaokha, imasankha munthu. Zinkhwe zambiri zimakhala ziwiriziwiri kwa nthawi yaitali ndipo zimateteza mnzawoyo mwamphamvu, ndiye alamu anuwo kwa chinkhwecho ndi wolanda mkazi wake. Afunseni achemwali anu ngati chimawabzikulira chakudya padzanja, kapena kugwetsa mapiko n'kumalira motsitsa akamachisisita. Ngati chimatero, ndiye kuti chinawatenga ngati mnzake wa m'chisa.

M'bokosi muja tiana sitikungodya. Tikumva kulira kwa makolo n'kumaphunzira kuti kulira uku ndi kuitana, uku ndi kuchenjeza. Tikusisitidwa nthenga ndi mlomo wa mayi, ndipo tikatero timaphunzira kudzisamalira nthenga tokha. Tikukankhana, kulumana pang'ono, n'kudziwa kuti ukaluma kwambiri mnzako amabwezera. Tikadzatuluka tidzaona bambo akuswa mbewu, akusamba, akuthawa chinthu choopsa n'kusiya kuthawa chinthu chosaopsa. Munthu ngakhale atakhala wachikondi chotani sangaphunzitse zonsezi, chifukwa alibe mlomo ngati wawo ndipo sagona m'bokosi.

Ndiye pali ngozi ya kadyetsedwe kenikeniko kwa munthu amene sanachitepo. Phala lake liyenera kutentha pakati pa madigiri 39 ndi 41. Likapitirira limawotcha chithokomiro, ndipo bala lake limadzaoneka patapita masiku, nthawi zina litaboola khungu. Likazizira, chithokomiro chimaleka kutsitsa chakudya ndipo chimasasa momwemo. Mukakankha sirinji kamwana kasanayambe kumeza, phala limalowera kopumira, ndipo kamafa m'manja mwanu kapena kamadwala chibayo. Tiana ta msinkhu wa tanuto timafuna kudyetsedwa kangapo patsiku, kuyambira m'mamawa mpaka usiku, kwa masabata ambiri, komanso malo ofunda mosasinthasintha. Zonsezi makolo akukuchitirani kale, ndipo akuchita bwino kuposa ine ndi inu.

Njira ilipo yapakati. Makolo azidyetsa, inu muzitigwira tianato tsiku lililonse. Ma cockatiel anga ozolowera kwambiri ndinawalera chonchi.

Chala_ndi_Phewa:

Agogo, ndikukulemekezani, koma ndiloleni ndinene mbali inayo. Cockatiel yanga inaleredwa pamanja ndipo tsopano ndi yaikulu ndithu. Siluma munthu, sizula nthenga, imapita kwa mkazi wanga, kwa ana, ngakhale kwa alendo. Ndikuona ngati tikuika mlandu wonse pa sirinji pamene zinkhwe zambiri zimene zimazula nthenga zimakhala zokha m'khola tsiku lonse, popanda chotafuna, popanda dzuwa, zikudya mbewu za mpendadzuwa zokhazokha. Mbalame yotere ingasokonezeke ngakhale italeredwa ndi makolo ake.

Yanga inaleredwa pamodzi ndi abale ake atatu m'beseni limodzi, ndipo wowetayo sanaigulitse mpaka itayamba kudya yokha ndi kuuluka bwino. Sanaidule mapiko. Mwina n'chifukwa chake ili bwino. Komanso pali tiana timene popanda munthu tingafe. Nanga kamene makolo akataya, tikasiye?

Wophunzira_za_Ziweto:

Achimwene a Chala_ndi_Phewa akunena zoona pa mfundo ziwiri, ndipo agogo akunenanso zoona. Ndiwonjezere zimene akatswiri anapeza, chifukwa nkhaniyi inafufuzidwapo ndithu.

Wodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi Konrad Lorenz wa ku Austria, amene mu 1935 anafotokoza mmene tiana ta atsekwe timatsatira chinthu choyenda chimene taona titangoswedwa, ngakhale chikhale munthu. Analandira mphoto ya Nobel mu 1973 pamodzi ndi Niko Tinbergen ndi Karl von Frisch. Pambuyo pake Klaus Immelmann wa ku Germany anaika mazira a timbalame ta zebra finch m'zisa za timbalame ta Bengalese finch. Tamphongo timene tinaleredwa choncho titakula tinkafunsira tatikazi ta mtundu wa otilerawo, n'kusiya ta mtundu wake. Apa m'pamene panaonekera bwino kuti mbalame zambiri sizibadwa zikudziwa kuti mnzawo wokwatirana naye amaoneka bwanji. Zimaphunzira zili zazing'ono, ndipo zikaphunzira n'kovuta kusintha.

Oteteza mbalame zimene zatsala pang'ono kutha anaphunzira zimenezi movutika. Ku America kunali whooping crane, mbalame ya miyendo ndi khosi zazitali, yaikazi yotchedwa Tex imene inaleredwa ndi anthu ndipo inkakana amphongo a mtundu wake. Katswiri wa mbalamezi, George Archibald, ankavina nayo kavinidwe ka mbalamezo kwa nyengo zingapo kuti thupi lake likonzeke kuikira, ndipo mwana wake anaswedwa mu 1982. Ku New Zealand kuli chinkhwe cha mtundu wa kakapo chotchedwa Sirocco, chimene chinadwala chili chaching'ono n'kuleredwa ndi anthu, ndipo chitakula chinkafuna anthu m'malo mwa zinzake. N'chifukwa chake olera tiana ta California condor, mbalame yaikulu ya mtundu wa muimba, amatidyetsa ndi chidole chooneka ngati mutu wa mbalame yaikulu, munthu atabisala, ndipo olera ma crane amavala zobisa thupi lonse.

Pa zinkhwe zoweta, mu 2006 ofufuza a ku Switzerland, Schmid, Doherr ndi Steiger, anafalitsa zimene anapeza pa ma African grey akuluakulu oposa 100. Oleredwa pamanja anali aukali kwambiri ndiponso osankha anthu kuposa oleredwa ndi makolo. Amene anachotsedwa m'chisa asanakwane masabata asanu ankachita kwambiri khalidwe lobwerezabwereza chinthu chimodzi popanda cholinga. Amene ankadyetsedwa ndi kapaipi kolowetsa mpaka m'chithokomiro anali aukali ndi athanzi lofooka kuposa odyetsedwa ndi supuni kapena sirinji. Koma onaninso ichi: ogwidwa kutchire ndi amene ankazula nthenga kwambiri. Ndiye kuzula nthenga sikuchokera ku chinthu chimodzi. Matenda a khungu, a chiwindi, chakudya chosakwanira, kusowa tulo ndi kusungulumwa zonse zimalowamo, ndipo chinkhwe cha achemwali anu chiyenera kuonedwa kaye ndi dokotala wodziwa mbalame tisananene kuti vuto lonse ndi kaleredwe.

Pa ma cockatiel enieni, kafukufuku wa pa yunivesite ya California ku Davis wa mu 1988 anaonetsa kuti amphongo oleredwa pamanja sankabereka bwino ngati oleredwa ndi makolo, mazira ambiri a akazi awo ankakhala opanda mwana. Pa yunivesite yomweyo, mu 1999, Aengus ndi Millam anayesa njira yapakati imene agogo atchula. Tiana ta zinkhwe za mtundu wa orange-winged Amazon tinasiyidwa ndi makolo, koma anthu ankatitulutsa kwa mphindi zochepa n'kutigwira, kenako n'kutibwezera. Tinakula tozolowera anthu kuposa tinzake timene sitinkagwidwa. Choncho mawu akuti popanda sirinji palibe kuzolowera si oona.

Chinanso chimene ine chimandikhudza ndi chimene Karl Berg anapeza pa tizinkhwe ta green-rumped parrotlet ku Venezuela. Kamwana kalikonse kamakhala ndi kulira kwakekwake koitanirana, ndipo kamakutenga kuchokera kwa makolo amene akukalera kali m'chisa, ngakhale mazira atasinthanitsidwa. Kamwana koleredwa kokha m'bokosi la pulasitiki kalibe kokaphunzira zimenezo.

Dziko la Netherlands linaletsa kulekanitsa tiana ta zinkhwe ndi makolo tisanafike msinkhu woyenera, kuyambira mu 2014.

Tinene chilungamo, mavuto aakulu amaoneka kwambiri pa zinkhwe zazikulu monga African grey, cockatoo ndi macaw, zimene kutchire zimakhala ndi makolo miyezi yambiri. Cockatiel ndi yofatsa, ndipo zambiri zoleredwa pamanja zimakhala bwino, makamaka zikaleredwa pagulu ngati ya achimwenewa. Koma kwa inu mayi, amene makolo akudyetsa bwino ndipo simunagwirepo sirinji, sindikuona chimene mungapindule pochotsa tiana.

MayiWaMbalame:

Zikomo kwambiri nonse, mtima wanga wakhala pansi. Agogo, ndawaimbira achemwali anga ndipo akuti inde, chimawabzikulira chakudya pafupifupi tsiku lililonse, ndipo iwo amachisisita msana wonse mpaka kumchira chifukwa chimaoneka kuti chikukondwa.

Tianati ndatsimikiza kuti ndisiyira makolo. Tsono ndiphunzitseni kagwiridwe kake. Yaikazi ndikayandikira bokosi imafufuma n'kumandiopseza ikuyendetsa thupi uku ndi uku, ndipo ndikuopa kuti ingaponde tiana kapena kutitaya ikamva fungo la manja anga. Ndiyambe liti, ndipo ndizitisunga kunja nthawi yaitali bwanji?

GogoWazinkhwe:

Za fungo musade nkhawa, mayi. Ma cockatiel sataya ana chifukwa munthu wawagwira. Chimene chimawasokoneza ndi kuwadzidzimutsa ali m'bokosi, chifukwa pothawa kapena poteteza amatha kuponda kamwana. Ndiye musalowetse dzanja mayi ali mkati. Dikirani onse awiri atuluke kukadya. Nthawi yabwino ndi pamene mwangowaikira chakudya chofewa chimene amachikonda, monga dzira lophika lophwanyaphwanya ndi masamba. Tsekani khomo la bokosi ndi kakatoni kuti asalowe muli mkati motulutsa, ndipo musanatsegule muzigogoda pang'ono nthawi zonse kuti azolowere.

Pa msinkhu umene mwafotokozawo mungayambe ndi tiwiri takutsogoloto. Kotsirizako kadikireni mpaka timinga take titatuluka bwino, chifukwa kamwana kopanda nthenga kamazizidwa msanga. Sambani m'manja, muwapukute, ndipo akhale ofunda. Khalani pansi, kansalu kofewa pamiyendo, kuti kakaterereka kasagwe patali. Poyamba mphindi zisanu zakwana. Kafungatireni m'manja awiri, muzikalankhula motsitsa, muzikakanda pang'ono pamutu ndi kuseri kwa khosi. Musakagoneke chagada, makamaka chithokomiro chikakhala chodzaza, pakuti chakudya chingabwerere kukhosi. Kadzakuopsezani ndi kaphokoso kokhala ngati kupuma mwamphamvu, ndipo mwina kadzatsegula mlomo. Musakabwezere nthawi yomweyo, dikirani kakhale chete kaye ndiye mukabwezere. Nthenga zikamadzaza muziwonjezera nthawi mpaka kufika mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri, kawiri patsiku ngati mungathe.

Musakhale inu nokha wogwira. Bambo a kunyumba agwireko, ndipo popeza tiwiri tikupita kumene kuli ana, ana a mlongo wanuyo azibwera kudzatigwira atakhala pansi inu mukuyang'anira. Mbalame imene yadziwa manja osiyanasiyana ili yaing'ono sikhala ya munthu mmodzi.

Pezani sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, muziyeza kamwana kalikonse m'mawa n'kulemba. Kulemera kuzikwera tsiku ndi tsiku. Tikayandikira kuuluka timatsikako pang'ono, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Cockatiel yaikulu nthawi zambiri imalemera magalamu pakati pa 80 ndi 100. Koma kamwana kakang'ono kakaima kapena kutsika masiku awiri otsatizana, kapena mukapeza chithokomiro chake chili chopanda kanthu pamene anzake akhuta, ndiye pafunika kulowererapo. Apa ndikugwirizana ndi a Chala_ndi_Phewa: kamene makolo akasiya kapena akukavulaza, timakadyetsa pamanja popanda kuzengereza. Nthawi zambiri sipafunika n'kukachotsa komwe, mumangokawonjezera phala kamodzi kapena kawiri patsiku n'kukabwezera kwa abale ake. Zikafika apo pitani kwa dokotala wa ziweto kapena woweta wodziwa akuonetseni ndi maso, musaphunzire pa kanema yekha.

Yang'aniraninso mitu ndi misana ya tiana. Makolo ena akafuna kuikiranso amayamba kuzula nthenga za ana awo kuti atuluke m'bokosi. Mukaona zimenezo, dziwani amene akuzulayo mumupatule, winayo apitirize kudyetsa. Bambo wa cockatiel amatha kulera yekha bwinobwino.

Tidzayamba kutuluka m'bokosi pa masabata anayi kapena asanu. Apa m'pamene ambiri amataya ntchito yonse, chifukwa kamwana kakangodziwa kuuluka kamayamba kuthawa dzanja, ndipo mwini wake amakhumudwa n'kusiya. Musasiye, ndipo musakathamangitse ndi dzanja m'khola. Gwirani ngala ya mapira a mbalame aja, kabwere kokha kudzadya kataima pachala. Mapiko musadule, kaphunzire kuuluka ndi kutera, mazenera ndi zitseko zili zotseka. Kwa mlongo wanu tisapite mpaka mutaona kwa sabata yathunthu kuti tikudya tokha ndipo kulemera sikukutsika, zimene kawirikawiri zimachitika pa masabata asanu ndi atatu mpaka khumi. Tiana tikangotuluka tonse, chotsani bokosilo kuti yaikazi ipume.

MlondaWaZotayidwa:

Ine ndimasunga zinkhwe zimene eni ake alephera kukhala nazo, ndiye ndilankhulepo za cha achemwali anu, chifukwa African grey imatha kukhala zaka 40 kapena kuposa, ndipo ulendo udakali wautali.

Choyamba apite nacho kwa dokotala, monga anena a Wophunzira. Chachiwiri, kusisita msana, pansi pa mapiko ndi kumchira kulekeke lero lomwe. Pakati pa zinkhwe, amene amagwira malo amenewo ndi mnzake wokwatirana naye yekha, ndipo kusisita kotero kumachiuza kuti chasankha bwino. Azichikanda pamutu ndi pakhosi basi. Chikayamba kubzikula, asachikalipire, angochiika pamtengo wake mwakachetechete n'kuchipatsa china chochita. Asachilole kulowa m'makabati, pansi pa mipando kapena m'makatoni amdima, chifukwa malo otero chimawaona ngati chisa ndipo ukali umakula. Usiku chizigona maola khumi mpaka khumi ndi awiri pamalo amdima ndi achete.

Alamu anuwo asayese kuchigwira panopa. Chakudya chimene chimachikonda kuposa zonse chizichokera kwa iwo okha. Azidutsa pakhola, aponye kachidutswa m'mbale, n'kupitirira osayang'anitsitsa. Pakapita masabata angayambe kupereka kudzera m'mawaya, kenako kuchiphunzitsa kukhudza nsonga ya kamtengo ndi mlomo kuti chilandire mphoto. Izi azichita achemwali anu atatuluka m'chipindamo, chifukwa iwo akakhalapo chinkhwecho chimakhala pa ntchito yolondera.

Pa kukuwa, asamabwerere m'chipinda chikamakuwa. Asankhe kaluzu kamodzi, ndipo chikaliza kaluzu kapena kulankhula motsitsa aziyankha nthawi yomweyo ali kuchipinda china, kuti chidziwe njira ina yoitanira. Chakudya china azichikulunga m'mapepala kapena kuchibisa m'timatabwa toboola, chizivutikira kupeza, ndipo azichipatsa nthambi zosaopsa zoti chizitafuna ndi madzi osamba kawirikawiri. Nthenga za pachifuwa zingamerenso ngati mizu yake sinawonongeke, koma zimatenga miyezi. Muwauze azijambula chifuwacho kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, kuti akapita kwa dokotala akaonetse mmene zikusinthira.